Dzina Langa Linapita Kusukulu

Linali Lachiwiri loyamba la mwezi wa Juni, nthawi itangokwana 10 koloko m'mawa. Ola ndikulikumbukira chifukwa wailesi ya mwini dimba loyandikana ndi lathu inali itangolitchula. Ine ndinali nditawerama, ndikuwokera kabichi, mwana ali kumbuyo. Kwathu ku Biriwiri Juni amazizira mpaka zala kukanika kugwira mbande. Nditaweramuka kuti ndiwongole msana, ndinaona achemwali anga akutsika njira ya kudimba, nsapato zoyera atazinyamula m'manja, envelopu yaikulu ya khaki ataipanira m'khwapa.

Achemwali ndi namwino, ndiponso mzamba. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito pachipatala china chaching'ono kupitirira Manjawira, ndipo kwathu ankabwera pa Khirisimasi kapena pamaliro. Nditawaona m'dimba pakati pa sabata, mtima unandiuza kuti wina watisiya.

"Kwagwanji, achemwali?"

"Palibe wamwalira. Kasambe m'manja, mapepala a boma sagwiridwa ndi matope."

Tinakhala pa udzu, pafupi ndi chitsime. Ananditsitsa mwana, n'kumuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, monga amachitira ndi mwana aliyense, ngakhale wa munthu wongodutsa. Atakhutira anamukhazika pamiyendo.

"Pawailesi wamva za lamulo latsopano la anamwino?"

Ndinali nditamvako pang'ono. Koma nkhani za kunyumba ya malamulo ine ndinkazimva ngati mvula ya kutsidya: umaiona ikugwa, koma iwe sunyowa.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Aphungu anali atasintha lamulo. Aliyense wogwira ntchito ndi chiphaso, kaya namwino, mzamba, dokotala kapena wogulitsa mankhwala, ankayenera kulembetsanso mwatsopano ku bungwe lowayang'anira. Kale ankangopereka masatifiketi ndi chithunzi. Tsopano ankafunanso chiphaso cha unzika, pamodzi ndi fomu yolumbirira pamaso pa majisitireti kuti zonse zolembedwazo n'zoona. Wopezeka atalemba bodza, amulanda chiphaso cha ntchito osadzamubwezeranso, mwinanso n'kukalowa kundende. Womuchitira umboni wabodza nayenso chilango chimugwera.

"Nanga inu bodza muli nalo?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowetsa.

"Ndili ndi dzina lako."

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Achemwali amandiposa zaka zitatu. Atalemba mayeso a Sitandade 8 sanasankhidwe kupita kusekondale, ngakhale kuti m'kalasi ankakhoza bwino. Kaya zinali zoona kaya ayi, kwathu anthu ankakhulupirira kuti mwana wobwereza samusankha, ndipo wamkulu msinkhu amamuika kumapeto. Choncho makolo ankamutumiza mwana kusukulu ina kuti akabwereze ndi dzina lina. Ena ankatenga la msuweni, ena la mwana amene anamwalira. Sitinali ife tokha. Bambo athu sanafune kupita kutali. Anatenga dzina langa, tsiku langa lobadwa ndi chaka changa, n'kuwapatsa achemwali, n'kuwatumiza kwa azakhali kufupi ndi Nzama kuti akabwerezere kumeneko.

Bambo anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo anali ndi mawu awo amene ankawakonda. Ankati pepala ndi jekete, amavala ndi amene akumva kuzizira.

Chaka chimenecho ine ndinali mu Sitandade 5. Achemwali anasankhidwa. Kunyumba tinadya nkhuku, ndipo ine ndinavina kuposa onse, chifukwa dzina limene analitchula pawailesi linali langa. Vuto linaoneka sukulu itatsegulidwa. Bambo anati dzina limodzi silingalembe mayeso kawiri. Ndikanatha kutenga la achemwali limene linatsala panyumba, koma ilo linali litalephera kale. Anandiuza kuti ndidikire kaye, aganizepo. Akuganiza choncho chifuwa cha kumigodi chinawagwira, ine n'kulowa m'dimba kuthandiza amayi. Bambo anamwalira asanamalize kuganizako.

Sindinasunge mangawa. Chimene chinkandivuta chinali chidwi. Ndinkafuna kudziwa kuti dzina langa likuyenda bwanji kumene linapita. Achemwali akabwera patchuthi ndinkatsegula makope awo n'kumaliona pachikuto, lolembedwa mopendekeka bwino, ndipo m'kati aphunzitsi atachonga ndi inki yofiira. Ndinkadzifunsa kuti kodi amalitchula bwanji kumeneko, mwachizungu kapena mwakwathu? Likalakwa amalikalipira? Linapita kusekondale, linapita kusukulu ya unamwino, linakwera basi kukafika ku Blantyre ine ndisanadutse Balaka.

Ndinakumana nalo maso ndi maso pamene ndinali woyembekezera. Achemwali anandiitana kuti ndikadikirire kunyumba kwawo, pafupi ndi chipatala. Tsiku loyamba anandichenjeza.

"Kuno ndiwe mng'ono wa anesi, basi. Wina akaitana dzina lija usatembenuke."

Koma khosi silimva malangizo. Anzawo akantchito akaitana, ine ndinkatembenuka, iwo n'kumayankha. Pakhoma la pabalaza panali satifiketi m'galasi, dzina langa lili pakati, zilembo zake zopotanapotana ngati mphonda. Ndinkalipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Amayi ena odikirira anandiuza kuti m'midzi yozungulira muli ana aakazi angapo amene anawatcha dzina la anesi, chifukwa anabadwira m'manja mwawo movutikira n'kukhala moyo. Usiku umodzi wokha ndinalephera kudya poganiza zimenezo. Ana a anthu osawadziwa, akuyenda ndi dzina limene amayi anandipatsa ine.

Mwana wanganso anabadwira m'manja omwewo. M'kabuku kake ka kusikelo, pamzere wa dzina la mayi pali dzina langa. M'munsi, pamene amasaina mzamba, palinso dzina lomwelo.

Tsopano tibwerere kudimba.

Achemwali anatulutsa chiphaso chawo cha unzika, n'kundiuza kuti ndikumbukire changa. Pa kalembera wa ziphaso, iwo analembetsera kuntchito kwawo ndi dzina la pamasatifiketi. Ine ndinalembetsera kumudzi ndi dzina langa. Palibe anaganiza zofunsa mnzake.

"Ndiye boma lili ndi akazi awiri," iwo anatero. "Dzina limodzi, tsiku lobadwa limodzi, mayi mmodzi, mudzi umodzi. Nkhope zokha ndiye ziwiri. Akangoika chiphaso changa pamakina awo, iwe utulukira."

"Ndituluka bwanji? Chithunzi changa chioneka?"

"Iwe, ndikukuuza za ndende, iwe ukufuna kuona chithunzi?"

Koma kunena zoona ndinkafunadi kudziwa ngati makinawo akanatiika pafupipafupi, kapena wina pamwamba wina pansi.

Anatulutsa mapepala awiri. Loyamba linali fomu yawo ya kubungwe. Lachiwiri linali langa, atalilemba kale pamakina. Linkanena kuti pa kalembera paja alembi analakwitsa, kuti dzina langa lenileni ndi lija la achemwali lakale, ndipo chaka changa chobadwa ndi chawo. Ndinkangoyenera kusaina ndi dzina limenelo, kukalumbira kuboma, n'kusinthitsa chiphaso.

"Ndiye kuti ine ndikhala mkulu wanu?"

"Papepala."

"Ndidzayamba kukalamba ndine?"

"Udzayamba ndiwe kulandira ulemu. Sukondwa?"

Tinaseka pang'ono.

Ndinawapempha kuti andiwerengere fomu yawo m'Chichewa. Chizungu changa ndi cha Sitandade 5, chimazindikira mawu koma sichiwamva. Anausa moyo, n'kuyamba. Dzina. Kumene unabadwira. Sukulu zimene unaphunzira. Ngati unamangidwapo. Ngati unadwalapo matenda olepheretsa ntchito. Ndinkadabwa kuti boma limafuna kudziwa zambiri chotere za munthu wongobaya jakisoni. Kenako anafika pamzere wina n'kuuwerenga mothamanga.

"Bwerezani pamenepo."

"Akufunsa ngati unayamba wadziwikapo ndi dzina lina."

Ndinasuzumira. Panali timabokosi tiwiri, ndi mizere yopanda kanthu m'munsi mwake.

"Aka ndi ka chiyani?"

"Ka ayi."

"Nanga aka?"

"Ka inde."

"Ndiye kuti alipo amene amayankha inde?"

"Ndi ka akazi okwatiwa, amene anasiya dzina la bambo awo."

"Palembedwa kuti akazi okwatiwa okha?"

Anawerenganso, milomo ikuyenda. "Sipanalembedwe."

"Mizereyi ndi ya chiyani?"

"Yofotokozera."

Ndinaiwerenga ndi chala. Inali isanu.

"Nkhani yathu singakwane pamenepa?"

Anandilanda fomuyo. "Ukuyesa ndi kuulula machimo kwa ansembe, koti akupatsa mapemphero atatu n'kubwerako? Ndikachonga inde ndadzipereka ndekha. Mayeso ndinalemba ndine. Palibe anandilembera ngakhale funso limodzi. Usiku wonse umene ndinagona pabenchi ya m'wodi ndinagona ndine. Manja awa ndi anga. Koma akanena kuti satifiketi si yanga, ndiwayankha chiyani? Ndibwerere kuno kudzawokera kabichi?"

Atangotero anayang'ana mbande zanga, n'kuyang'ana kumbali. Ine sindinakhumudwe. Kabichi ndi kabichi.

Panali funso lina limene linkandiyabwa, ndipo ndinalifunsa ndikuyang'ana pansi.

"Lamuloli likulanga liti? Bodza la bambo lija, kapena limene mulembe mawa?"

Mwana anali akukoka wotchi yawo, iwo n'kumusiya akoke.

"Sindikudziwa," anatero pomaliza. "Kuntchito palibe akudziwa. Tilipo atatu amene ndikuwadziwa, a mayina obwereka. Aliyense akuopa kufunsa, chifukwa kufunsa ndi kudziulula komwe."

Ine mawu oti ayi sanandizolowere pakamwa. Kuyambira ndili mwana, munthu wamkulu akandipempha kanthu ndimayang'ana zala zanga. Ndinangoti, "Ndamva." Kwathu mawu amenewo amagwira ntchito mbali zonse ziwiri, ndipo achemwali ankadziwa.

"Lero ndigona kwa amayi. Mawa 7 koloko tikumane pamsewu, tikwere minibasi ya kuboma. Ubwere utasaina. Uyeserere kaye papepala lina, dzanja lisakanjenjemere pamaso pa anthu."

Tinakwera limodzi kupita kumudzi. Amayi tinawapeza akusankha mbatata ya kachewere, ya mbewu payokha, yogulitsa payokha. Achemwali anawafotokozera zonse. Amayi sanasiye kusankha.

"Ine ndinabereka awiri, ndinatcha awiri," anatero. "Za mapepala kafunseni amene ali kumandayo."

"Amayi, makadi athu a ubatizo alipo?" ndinafunsa. Sindikudziwa chimene ndinkawafunira. Mwina ndinkangofuna kuona dzina langa lisanayambe kuyenda.

Anatilozera bokosi lachitsulo la bambo, lija anabwera nalo kuchokera ku Joni. Linali pansi pa bedi, likununkha sopo wakale. Makadi tinawapeza m'kati mwa buku la nyimbo, onse awiri, odindidwa ku Nzama, lililonse ndi dzina lake ndi tsiku lake. Pansi pake panali kabuku kena kakuda, kokhala ndi chithunzi cha bambo ali mnyamata, makutu ali tuu. Dzina lolembedwa pamenepo linali la akulu awo.

Ndinatuluka nako panja. "Amayi, aka?"

Amayi anakayang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba anaika mbatata pansi.

"Anali wamng'ono msinkhu, olemba anthu a kumigodi anamukana. Ndiye anapita ndi mapepala a akulu ake. Kumeneko zaka zonse ankamuitana dzina la eni. Tsiku lina kunabwera uthenga kuti mwala wamuphwanya mwendo. Wobweretsa uthenga anafunsa nyumba ya mwini dzina, anthu n'kumulozera. Mkazi wa alamu anga anayamba kulira, kudzigwetsa pansi, kuitana abale. Mwamuna wake ali pakhonde pomwepo, akusoka mphasa."

"Osamuona?" achemwali anafunsa.

"Ankamuona. Koma uthenga unabwera ndi chidindo. Analira mpaka mwamunayo anayamba kudzigwira mwendo."

Tinaseka mpaka mwana anadzidzimuka. Amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Ine ndinamva patapita masiku atatu," anawonjezera. "Mwamuna wanga ali m'chipatala kudziko la eni, akumulirira ndi mkazi wa wina."

Anatolanso mbatata. Sananene kuti tichite chakuti. Achemwali analowa m'nyumba kukagona pang'ono, poti anali atachokera kuntchito ya usiku. Ine ndinaika makadi awiri aja m'chitenje, osapempha, n'kupita kwanga.

Masana amenewo ndinachita zimene anandiuza. Ndinang'amba tsamba m'kope lakale, n'kukhala pakhonde kuyeserera. Dzina la achemwali lakale ndi labwino, lalifupi kuposa langa. Ndinali ndisanalilembepo chibadwire. Ndinalilemba kamodzi, likuoneka ngati mwana wa eni amene wasochera. Ndinalilembanso. Ulendo wachitatu mwana analira, ndipo nditabwerera papepala ndinapeza kuti dzanja layamba lokha chilembo choyamba cha dzina langa. Zimene ndinatulukira kusukulu n'zochepa, koma dzina langa ndimalilemba bwino. Aphunzitsi a Sitandade 2 anandigwira dzanja mpaka linalowa.

Ndinayesa kudziitana nalo dzina linalo, motsitsa mawu, kuti ndimve ngati ndingatembenuke. Nkhuku yokha ndi imene inandiyang'ana.

Kenako ndinatenga kabuku ka mwana kuti ndione tsiku la sikelo, poopa kuti lingagundane ndi ulendo wa kuboma. Nditatsegula tsamba loyamba ndinaona mizere iwiri ija. Dzina la mayi. Dzina la mzamba. Ndinakhala ndikuyang'ana nthawi yaitali.

Ndikasaina pepala lija, dzina limeneli likhala la achemwali okha. Ndiye kuti kabukuka kazinena kuti mwanayu anamubereka ndi iwo, n'kudzibereketsa okha. Ine ndikhala ndani pamenepo? Mayi wina wachikulire amene amabwera naye kusikelo. Achemwali akanati tigule kabuku kena. Koma kabuku kenako akanalemba ndi iwo, ndi dzanja lawo la unamwino, zinthu zosiyana ndi zimene zili m'buku lalikulu la kuchipatala. Ndinayamba kuwerenga pazala malo amene dzina langa linagona. Pachiphaso. M'kabuku ka mwana. M'buku la kuchipatala. M'buku la ubatizo ku Nzama. M'buku la maukwati kutchalitchi kwathu. Konseko kukanafunika kukagogoda, ndipo khomo lililonse likanafuna bodza lakelake. Ndinadabwa kuti munthu wosapita patali ngati ine ndalembedwa malo ambiri chotere.

Dzuwa litapendeka bambo a mwana anabwera kuchokera kumsewu, kumene ankagulitsa tomato. Ndinawapatsa madzi, n'kuwafotokozera. Anamvetsera akuvula nsapato.

"Ndiye ine ndinakwatira ndani?" anafunsa.

"Mwina achemwali."

"Mwandichedwetsa kundiuza. Bwenzi ndikubayitsa jakisoni kunyumba konkuno." Anatenga tsamba limene ndinkayesererapo, n'kuliyang'ana mozondoka, kenako moongoka. "Apa mwalemba ngati nkhuku yapalasa. Apa pokha ndiye mwalemba ngati munthu."

Ankaloza pamene dzanja linandithawa.

"Ndichite bwanji?"

"Amake mwana, dzina si langa. Ine ndinalipeza muli nalo kale. Koma pamaso pa ansembe ndinatchula lomweli, ndipo sindikufuna kukabwereza, suti ija inandithina."

Anatenga mwana n'kupita naye kukaona mbuzi.

Ndinatsala ndi mapepala pamiyendo. Chimene ndinkaopa ndinkachidziwa bwino. Ndikakana, achemwali akhoza kutaya ntchito imene anaivutikira zaka zonsezi, ndipo anthu adzati mng'ono wake anamuchitira nsanje chifukwa iye sanaphunzire. Ndikavomera, tikalumbira bodza tonse awiri, ndipo likadzaululika sipadzakhalanso woti n'kunena kuti anali bambo. Bodza loyamba analichita munthu wamkulu pa mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Lachiwirili likanakhala lathu, losainidwa ndi manja athu.

Panalinso china chimene ndimachita nacho manyazi pochinena. Ndinkafunitsitsa kudziwa chimene chimachitika munthu akachonga kabokosi ka inde. Wina anakhala pansi kwinakwake n'kukajambula kabokosi kameneko, n'kuika mizere isanu m'munsi. Sanaike iwiri, sanaike khumi. Ankayembekezera nkhani yotalika bwanji? Sindinkakhulupirira kuti munthu ameneyo anakulira m'dziko muno osamvapo za mwana wobwereza ndi dzina la mng'ono wake. Mwina iyenso anali ndi lake limene analisiya kumudzi.

Kusanade ndinatembenuza tsamba lija n'kuyesa kulemba nkhani yathu kuti ndione ngati ingakwane. Ndinalemba m'Chichewa, zilembo zazikuluzikulu. Ndinati dzina ili ndi langa la ubatizo. Bambo anawapatsa achemwali kuti abwereze Sitandade 8. Mayeso onse analemba okha. Ine sindikuwalanda, tikhoza kukhala nalo tonse. Bambo anamwalira.

Inakwana mizere isanu ndi theka.

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti nkhaniyi idzatenga miyezi, kuti achemwali adzawaimitsa ntchito kuyambira nthawi yotentha mpaka chimanga kufika m'chiuno, kuti adzatiitana kawiri kukafunsidwa, amayi atanyamula bokosi lonse la ku Joni pamutu ngakhale anangowapempha makadi. Sindinkadziwanso kuti pomaliza adzawabwezera kuntchito ndi chiphaso chokhala ndi mayina onse awiri ndi chaka chawo chenicheni, ndiponso kuti m'miyezi yodikirayo adzakhala milungu yambiri osandilankhula. Chimene ndinkadziwa n'choti m'mawa kukubwera, ndipo pepala lija sindinalisaine.

Kutacha ndinatsirira mbande zimene ndinawokera dzulo lake, ndinasambitsa mwana, n'kumubereka. M'thumba la pulasitiki ndinaikamo pepala losasainalo, makadi awiri a ubatizo, chiphaso changa, kabuku ka mwana ndi tsamba langa la mizere isanu ndi theka. Pamsewu panali nkhungu, moti nyumba za tsidya la Mozambiki sizinkaoneka. Achemwali anali atafika kale, atavala juzi, manja ali m'khwapa.

"Wasaina?"

Ndinayang'ana zala zanga. Kenako ndinawapatsa thumba lonse.

Anatulutsa pepala loti ndisaine lija, n'kuona kuti palibe chimene ndalemba. Nkhope yawo inauma. Anatulutsa makadi, anatulutsa kabuku, n'kukatsegula pa tsamba loyamba. Pomaliza anatulutsa tsamba langa. Analiwerenga kamodzi, n'kuyambiranso.

"Sindinasaine, achemwali," ndinatero. "Koma ndabwera. Ndikanena zimenezo kulikonse kumene mungandipititse."

"Ukudziwa kuti ukhoza kundiphera ntchito?"

"Ndikudziwa."

"Ndipo wabwerabe."

"Mukanapita nokha?"

Minibasi ina inaima, kondakitala akuitanira za kuboma. Achemwali anaikwezera dzanja kuti ipite. Tinaima choncho mpaka phokoso lake linazimirira kumtunda. Anatulutsa fomu yawo mu envelopu, n'kuitsamiritsa pa ntchafu. Anayang'ana timabokosi tija nthawi yaitali. Cholembera anachitulutsa, koma sanachonge paliponse. Anachibwezera m'thumba la juzi.

"Tikafunse kaye," anatero. "Ufunse ndiwe, poti mafunso ndiwe uli nawo. Ndipo mawu akuti ubatizo walemba molakwika."

"Mukonze."

"Ayi. Akaona kuti walemba wekha."

Minibasi yachiwiri itaima, anandimasula mwana kumbuyo n'kumunyamula iwo. Tikukwera ananditembenukira.

"Kumeneko ukalankhule mokweza. Safuna anthu onong'ona."

Ndinakhala pafupi ndi zenera, thumba lili pamiyendo. Galimoto itanyamuka ndinayamba kuyeserera chamumtima mmene ndikatchulire dzina langa akandifunsa, ndipo titafika pa mlatho woyamba ndinalitchula pakamwa. Tonse awiri tinatembenuka.